Nyumba ya pa Chitsime

Dorica anaiona nyumbayo mu Okutobala, mwezi umene nyumba iliyonse imaoneka yaulemu. Mu Okutobala denga silidontha, khoma silituluka thukuta, ndipo msewu wa ku Chinsapo, uja umameza mawilo a minibasi mu Januwale, umangokhala fumbi lofiira lopanda mlandu ndi munthu. Ogulitsa nyumba amaudziwa bwino mwezi umenewu. Ogula ndiwo amauiwala.

Anali mphunzitsi wa pulayimale, mayi wa ku Dedza, wamasiye. Mwamuna wake Lewis atamwalira mu 2004, a kuntchito anawauza kuti atuluke m'nyumba ya kampani, ndipo kuyambira pamenepo iye ndi mwana wake Sungeni anakhala anthu a lendi ku Kawale: chipinda chimodzi, chimbudzi cha pulotu yonse, ndi alandilodi amene ankawerenga ngakhale alendo obwera kudzakuona. Choncho ndalama za imfa ya Lewis zitatuluka, atazilondola mpaka nsapato kutha zidendene, Dorica sanafune masofa kapena wailesi ya kanema. Anafuna malo akeake, poti munthu asadzabwere kudzagogoda kuti mwezi ukatha musamuke. Ndipo analonjeza Sungeni, yemwe anali mu Sitandade 2, kuti adzakhala ndi chipinda chakechake.

Nyumbayo anamupezera ndi dobadoba wina dzina lake Asani, munthu wa tayi ndi chikwama chopanda kanthu mkati.

"Madamu, iyi yokha musaiphonye," anatero Asani pafoni. "Mukatsika minibasi ku Chinsapo, mungofunsa kuti pa Chitsime ndi pati. Ngakhale mwana akulozerani."

Zinalidi choncho. Mayi wogulitsa tomato analoza ndi mlomo: pa Chitsime, mukhote pachigayo paja. Inu amene mukumva nkhaniyi mwina khutu lanu laima kale. La Dorica silinaime. Kusukulu kwake kunali a Chitseko ndi a Mpando, kutchalitchi kunali a Chikwanje, ndiye a Chitsime akanamudabwitsa chiyani? Anangoti ndilo dzina la mwini nyumba.

Inali nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pabalaza ndi chipinda chimodzi chachikulu. Kumbuyo kwake anali atawonjezerako chipinda china chatsopano, chopaka laimu woyera mbee, pansi pa simenti yofiira yopukutidwa mpaka kumaonetsa nkhope. Mwini wake, bambo woonda wa chipewa, anamuonetsa pabalaza, anamuonetsa khitchini ya panja, koma atafika pa chipinda chatsopanocho anaima pakhomo.

"Lowani muone nokha, Amayi. Ine nsapato zangazi zili ndi fumbi."

Dorica analowa. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo, koma m'chipindamo munali kuzizira ngati mumtsuko. Anaima pakati penipeni, natseka maso, namuona Sungeni akugona m'menemo, mabuku ake ali pawindo. Mtima wake unagula nyumbayo nthawi yomweyo, mutu usanafunsidwe.

"Zikomo kwambiri, Bambo Chitsime," anatero potuluka.

Bamboyo anayang'ana Asani, Asani anayang'ana foni yake. Kenaka bamboyo anamwetulira. "Zikomo ndinu, Amayi."

Panali munthu mmodzi amene akanatha kuimitsa zonsezi, ndipo anayeseradi, koma pakamwa pake panamulakwira. A Gordon anali mwamuna wa Pamela, mng'ono wake wa Dorica. Anali a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, ndipo ntchito yawo inali yoyendera nyumba zikamamangidwa. M'galimoto mwawo simunkasowa tepi yoyezera ndi kahamala kakang'ono.

"Alamu, nyumba sagula ngati mulu wa tomato," anatero Lamulungu lina akumwa tiyi kwawo ku Area 25. "Mundipatse Loweruka limodzi lokha. Ndikagogode makoma, ndikwere kudenga, ndikumbe pang'ono ndione maziko. Ndifunsenso oyandikana nawo kuti pamalopo kale panali chiyani, chifukwa ku Chinsapo anthu amamanga pa nkhuti, pa dzala, pa zimbudzi zakale."

Akanalekera pomwepo, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma a Gordon anali a mtundu uja wa anthu amene sangakupatse malangizo osathiramo tsabola.

"Komanso Chinsapo, alamu? Kumudzi kwenikweni kuja? Vuto lanu azimayi mumangoona penti. Akuberani masana dzuwa likuswa."

Dorica anaika kapu pansi mwaulemu. Anali atalondola yekha ndalama za mwamuna wake m'maofesi onse aja popanda a Gordon, ndipo sanafune kuti nyumba yake yoyamba ikayambe ndi kunyozedwa. Tsiku lotsatira Asani anaimba kuti kwabwera munthu wina wa ku Biwi ali ndi ndalama m'jumbo. Munthu wa ku Biwi ameneyu amapezeka pa nyumba iliyonse imene madobadoba akugulitsa, ndipo palibe anamuonapo nkhope. Dorica anagula sabata yomweyo. Kwa amfumu, kumene anakachitira umboni, bambo uja ankamutchula kuti a Phiri, ndipo Dorica anangoti ndi mfunda wawo.

Analowa m'nyumbamo mu Novembala. Sungeni anathamangira m'chipinda chake n'kugona chagada pansi pozizirapo, akuseka. Aka kanali koyamba Dorica kumva mwanayo akuseka chonchi chimwalirireni bambo ake, ndipo analowa m'khitchini kukalira pang'ono ndi chimwemwe.

Choyamba kumudabwitsa chinali gogo wa ndowa. M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, Dorica akukataya phulusa kuseri, anapeza gogo wina ataima moyang'anizana ndi khoma la chipinda cha Sungeni. Anali ndi ndowa pambali, ndipo m'manja ananyamula chingwe chokulunga bwinobwino, kumapeto kwake atamangirira chigubu chodula pakamwa. Sanali kuyang'ana pawindo. Anangoima, modekha, ngati munthu amene ali pamzere.

"Mwadzuka bwanji, agogo? Mukufuna ndani?"

"Ndikudikira atsirize amene ali kutsogoloku," anayankha gogoyo osatembenuka.

Kutsogoloko kunalibe munthu. Kunali khoma loyera basi.

Posakhalitsa kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nayo, akudzimanga chitenje m'njira. Dzina lake anali Maness, wogulitsa makala.

"Pepani Aphunzitsi, ndi apongozi anga awa, gogo Vaileti. Mutu unasokonekera, amangokhala m'zakale. Tiyeni Amayi, tiyeni kunyumba."

Gogoyo anatola ndowa yake osakana. Koma mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Masiku ena Maness ankamugwira asanafike, masiku ena Dorica ankamupeza ataima pomwe paja, chingwe chili m'manja.

Chachiwiri chinali pansi pa chipindacho. Chilichonse chozungulira chikagwa, pensulo kaya ndimu kaya mpira wa Sungeni wa mapepala, chinkagubuduzika pang'onopang'ono, ngati chikuitanidwa, n'kukaima pamalo amodzimodzi pakati pa chipinda. Dorica ankapaka polishi Loweruka lililonse, koma pakatipo polishi sankagwira. Pankatsala bwalo lotuwa, lalikulu kuposa lichero, ndipo mvula zoyamba zitagwa bwalolo linayamba kuda. M'chipindamo munkamveka fungo la dothi lonyowa ngakhale mawindo akhale otsegula tsiku lonse.

Chachitatu ndicho chinamuopsa zedi. Linali Loweruka masana, mu Disembala, Dorica akuchapa pakhonde. Anamva Sungeni akulankhula m'chipinda mwake, zomwe sizinali zachilendo, mwana wobadwa yekha amacheza ndi zidole. Koma pakati pa mawu a Sungeni pankamveka mawu ena, okulirapo, ochokera kutali. Dorica anapukuta thovu m'manja n'kukasuzumira.

Sungeni anali atagona chafufumimba pamphasa, pakati pa chipinda, kamwa ataligunditsa pansi. Pa simentipo panali mng'alu, waung'ono woti n'kungolowa njere ya mtedza.

"Adadi!" anaitana mwanayo mu mng'alumo.

Panapita kanthawi. Kenaka kuchokera pansi pa nyumba, mawu okhuthala, onyowa, anabwerera: "...dadi."

Thupi lonse la Dorica linachita tsemwe. 

Sungeni anadzutsa mutu, nkhope ili ngwee. "Amami, bwerani mumve! Adadi ali pansipa. Ndikawaitana amayankha. Ndimawaponyera mtedza ndi mikanda. Amachedwa kulandira, koma amalandira."

Dorica anamugwira mkono n'kumukokera kunja mwamphamvu moti mwanayo analira. Tsiku limenelo anasamutsira zofunda za Sungeni m'chipinda chachikulu, n'kumuletsa kulowanso m'mene muja. Anafuna kukhoma chitseko cha chipindacho, koma chitseko chinakana. Felemu inali itapendama, ndipo loko sankafikanso pa bowo lake. Anangokoka chitsekocho n'kutchingirapo mpando.

Tsopano taonani mmene mantha amayendetsera mutu wa munthu. Dorica anali mphunzitsi, ankaphunzitsa ana za madzi ndi nthaka, ndipo akanamva mawu omwewo m'thanki yopanda madzi akanaseka. Koma apa anawerenga zina. Anakumbukira abale a Lewis a ku Ntcheu amene sanakondwe kuti ndalama zonse zapita kwa mkazi. Anakumbukira gogo wa chingwe woima pakhoma m'mawa uliwonse. Anakumbukira bambo wogulitsa uja, amene anakana kulowa m'chipindamo. Zonse zinagwirizana bwinobwino, ndipo yankho lake linali loti m'nyumbamo anakwiriramo chinthu. Za kahamala ka a Gordon sanaganizeko n'komwe. Pamela ataimba kufunsa za nyumba yatsopano, Dorica anati zonse zili bwino, mphepo yake ngati ku Dedza.

Amene anawaitana anali amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwake. Anabwera Lachinayi masana atavala zoyera, nadzaza chipinda cha Sungeni mpaka ena kuima pakhomo. Anayamba ndi nyimbo yofatsa. Itafika nyimbo yachitatu mapazi anayamba okha, monga amachitira, ndipo pansi panayankha. Panalira ngati ng'oma yaikulu, mawu ake akukwera m'miyendo mpaka m'mimba.

Amayi apampando anakweza dzanja. "Mwamva? Chikuyankha chimenecho! Chamva kuwawa! Pondani, amayi, pondani!"

Anaponda. Amayi onenepa bwino, odya zawo, anadumpha pamodzi pakati pa bwalo lotuwa lija, akutuluka thukuta, akudzudzula mdyerekezi ndi dzina. Dorica anadumpha nawo, misozi ili mbwembwembwe. Atatopa anagwada pomwepo n'kupemphera, kenaka anamwa tiyi ndi mandasi pabalaza, nabalalika mokondwa. Posesa madzulo ake Dorica anaona kuti mng'alu uja wabala ana. Unali utatambasula miyendo mbali zonse ngati kangaude, ndipo pakati pake pankatha kulowa chala. Anati ndi chizindikiro choti chinthucho chatuluka.

Januwale anabwera ndi mvula yake ya ku Lilongwe, yogwa ngati ili ndi mangawa. Msewu unasanduka phala. M'zimbudzi za anthu madzi anakwera, ndipo m'mbali mwa Lingadzi chimanga chinagona. Sungeni ankaweruka msanga kusiyana ndi mayi ake, choncho ankabwera yekha kunyumba, kiyi ali pa chingwe m'khosi. Dorica ankamufunsa tsiku lililonse ngati walowa m'chipinda chija, ndipo tsiku lililonse mwanayo ankapukusa mutu akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina Dorica anafika kunyumba mvula itangokata, ambulera ili m'manja, nsapato zitalemera ndi matope. Asanalowe m'nyumba anamva kukhwekhwereza kuseri. Anazungulira. Gogo Vaileti anali pomwe paja, koma lero sanali pamzere. Anali atawerama, akutsitsa chigubu chake pang'onopang'ono motsatira khoma, dzanja ili kupatsira linzake chingwe, ngakhale chigubucho chinali chitafika kale pansi.

Mantha onse a miyezi iwiri anatulukira pakamwa.

"Mukufuna chiyani pa mwana wanga, agogo inu? Mwatumidwa ndi ndani? Chokani pano ndi ufiti wanuwo!"

Maness anamva ali kwawo. Anabwera manja ali bii ndi makala, ndipo ulendo uno sanabwere ndi pepani.

"Aphunzitsi, mawu amenewo ayi. Apongozi anga si mfiti. Munthu wakalamba, akungokumbukira pomwe ankatunga. Zaka zonse zija tinkatunga pano tonse, mpaka atatibweretsera kiyosiki ya madzi kumsikaku. Ndiye alakwa chiyani?"

"Munkatunga chiyani?"

"Madzi! Nanga pachitsime amatunga chiyani?"

Dorica anatsitsa mawu. "Chitsime si dzina la bambo aja anandigulitsa nyumba?"

Maness anamuyang'ana nthawi yaitali, ukali ukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono, kukubwera china choipirapo.

"Aja ndi a Luckson Phiri. Chitsime ndi chitsime, Aphunzitsi. Chachitali zedi, sichinkaphwa ngakhale chaka cha njala chija. Ife timayesa mukudziwa, poti aliyense amangotchula choncho. A Luckson anatiuza kuti anachikwirira asanamange."

"Munaona galimoto ya miyala ikubwera? Kapena ya dothi?"

Maness anaganiza. Kenaka anapukusa mutu.

"Chinali pati?"

Maness anayang'ana chitsa cha mango chimene chinali pafupi ndi mpanda, ngati akuyeza ndi maso kuchokera pamenepo. Kenaka anakweza dzanja lake lakuda ndi makala, naloza kupyola khoma loyera lija, mkati.

Dorica sanadziwe mmene anafikira pabalaza. Chikwama cha Sungeni chinali pampando, yunifolomu ili pansi. Mpando wotchingira uja unali utakankhidwira pambali, ndipo chitseko cha chipinda chinali chotsegula.

Anaima pakhomo. Phazi linafuna kulowa, koma analibweza. Anazindikira kuti waima pomwe anaima bambo uja mu Okutobala, ndipo anakumbukira nsapato zake. Zinali zopukutidwa bwino, zopanda fumbi ngakhale pang'ono.

Pansi pa chipindacho panali patalowa mkati ngati mbale. Bedi lopanda zofunda lija linali litapendamira pakati, mwendo umodzi uli m'malere. Ndipo pakati penipeni, pamphasa, panali Sungeni, chafufumimba, khutu ataligunditsa pa mng'alu.

"Sungeni." Dorica anayesetsa kuti mawu ake akhale a tsiku lililonse. "Bwera kuno, mwanangu. Usaimirire. Ukwawe ngati mwana wakhanda, ubwere kwa ine."

"Dikirani kaye, Amami," ananong'ona mwanayo osadzutsa mutu. "Lero ali pafupi. Akukwera."

M'chipindamo munali zii. Mu bata limenelo Dorica anamva yekha: timiyala tikuthothoka kunsi kwa simenti, kamodzikamodzi, n'kugwera m'madzi amene sanalinso kutali.

"Sungeni, ndakugulira mandasi. Bwera."

"Ndikachoka apeza palibe munthu."

Kumbuyo kwa Dorica kunamveka mapazi. Anali Maness, ndipo pambuyo pake gogo Vaileti, amene analowa m'nyumba ya eni ndi ndowa yake popanda odi. Gogoyo anasuzumira paphewa pa Dorica, nalankhula ndi mawu wamba, a mayi amene wanena zomwezo kambirimbiri kwa ana a anzake.

"Mwana wa yani uyo ali pakamwa pa chitsime? Mukokereni kuno."

Dorica anagona pansi chafufumimba, miyendo ili pabalaza, chifuwa chili m'chipinda. "Ndigwireni miyendo," anauza Maness, ndipo manja a makala aja anamugwira mu akakolo ngati chitsulo. Simenti inali yozizira pamimba pake, ndipo anaimva ikupuma, ikutsika pang'ono iye akatsamira. Anatambasula dzanja. Mphasa inali patali. Apo m'pamene anaona kuti ambulera ija idakali m'dzanja lake lamanzere, sanaisiye chichokereni kuseri. Anaitembenuza, natambasula chogwirira chake chokhota, nakola m'mphepete mwa mphasa. Chinapulumuka. Anakolanso, pakati pa bango ndi ulusi, ndipo chinagwira.

Anakoka pang'onopang'ono. Mphasa inayamba kuyenda. Sungeni atazindikira kuti akuchotsedwa anakuwa, nayesa kugwira pansi ndi zikhadabo, akuitana adadi ake, ndipo pansi pa nyumba panakuwanso nawo. Dorica anakoka ndi mphamvu zonse zimene anali nazo. Dorica atamugwira mkono mwanayo, Maness anawakokera onse awiri pabalaza ngati thumba la makala.

Palibe chinagwa. Chipinda chinangokhala momwemo, chozizira, choyera, bedi litapendama. Dorica anakhala pansi atamukumbatira mwanayo, yemwe ankamumenya pachifuwa ndi tizibakera. Kenaka anapepesa gogo Vaileti, koma gogoyo anali ataiwala kale zoti anatukwanidwa. Tsiku limenelo Dorica ndi Sungeni anakagona kwa Maness.

A Gordon anabwera m'mawa mwake, Dorica atawaimbira, galimoto ataisiya kuchigayo chifukwa cha matope. Dorica anali atakonzekera mawu awo, ndipo akanawalandira onse. Koma a Gordon atasuzumira m'chipindamo, n'kuyang'ana Sungeni, anangovula chipewa. Kwa Dorica kuvula chipewa kumeneko kunawawa kuposa tsabola yense uja.

Anachita zimene anapempha kuchita mu Okutobala. Anazungulira nyumba yonse, anakumba pang'ono m'mbali mwa maziko, anakwera kudenga, anacheza ndi Maness ndi anthu ena oyandikana nawo. Kenaka anatulutsa kahamala kaja. Anagogoda pabalaza, ndipo panalira mouma, ti, ti. Anagwada pakhomo la chipinda cha Sungeni, natambasula dzanja, nagogoda kamodzi. Panalira ngati mgolo wopanda kanthu. Ntchito yonse yofuna kudziwa chimene chinali m'chipindamo inathera pa kugogoda kumodzi kumeneko.

"Tulukani nonse," anatero.

Anabwereka chitsulo chachitali kwa owotcherera, nachilowetsa pawindo ali panja, nagunda pakati pa bwalo lija. Sanagunde kawiri. Pansi panatseguka mopanda phokoso lalikulu, ngati panali patatopa kale ndi kudikira. Simenti inapita, mphasa inapita, bedi linapendama n'kutsetsereka, ndipo madzi akuda analilandira n'kuthovukira mpaka m'makoma oyera aja. Fungo la dothi lonyowa linadzaza bwalo lonse.

Fumbi litatsika anaona ntchito ya a Luckson. Pakamwa pa chitsime anali atayalapo mitengo ya bulugamu, pamwamba pake malata akale, pamwamba pa malatawo simenti yopyapyala ngati chala. Mitengoyo chiswe chinali chitaidya mkati monse, moti a Gordon atatola chidutswa chinafumbutuka m'manja mwawo. Dorica anaganiza za amayi a chigwirizano akudumpha pamenepo, iye ali pakati pawo, ndipo anakakhala pa chitsa cha mango.

"Nyumba yaikuluyi ili bwino, alamu," anatero a Gordon mofatsa. "Maziko ake ndi olimba. Koma chipinda ichi chigwetsedwe. Chitsimechi tichikwirire ndi miyala ndi mchenga, pang'onopang'ono, tikusinja, ndipo pasamangidwenso kanthu pamenepa mpaka papite mvula zingapo."

Nambala ya a Luckson sinkapezekanso. Ena ankati ali ku Mchinji, ena ankati anapita ku Joni. Asani anati iye ntchito yake ndi yongolozera, ndipo dzina la malowo sanabise, analitchula yekha pafoni tsiku loyamba. Pamenepo sananame.

Chipinda cha Sungeni anachigwetsa mvula itayamba kuchepa, ndipo njerwa zake zomwezo ndizo zinayamba kulowa m'chitsimemo. Panabwera galimoto ya miyala, kenaka ya mchenga. Sungeni ankaonerera zonse ali pakhonde. Mayi ake anali atamufotokozera za mawu obwerera, a Gordon anamutengera pa mgolo wopanda madzi kuti akuwiremo amve yekha, ndipo mwanayo anagwedeza mutu mwaulemu ngati mmene amachitira ana akafuna kuti akuluakulu awasiye.

M'mawa wa tsiku limene anamaliza kusinja, Dorica anatuluka ndi phulusa n'kupeza Sungeni kuseri. Pamene panali chipinda pake panatsala bwalo la mchenga wonyowa. Mwanayo anali atagwada pakati pake, yunifolomu ili m'thupi, kamwa ataligunditsa pansi.

"Adadi!"

Anadikira. Anatembenuza mutu, nagunditsa khutu. Anaitananso, mokweza. Kumsika kunkamveka chigayo chikuyamba kulira, koma pansi panali zii.

Sungeni anadzuka, mchenga uli m'mawondo ndi patsaya. Sanalire. Anayang'ana mayi ake ndi maso ouma.

"Mwawakwiriranso," anatero.

Dorica anaika phulusa pansi. Anali ndi nyumba yake, anali ndi mwana wake wamoyo, ndipo mtima unamupweteka ngati tsiku la maliro lija. Kumbuyo kwawo gogo Vaileti anafika ndi chingwe chake, naika ndowa pansi, naima modekha kudikira kuti amene ali kutsogolo atsirize.